Moto wa Pansi pa Nthaka: Munthu Akumbe Mpaka Pati?

Dziko lapansi ndi lotentha m'kati. M'madera ambiri, munthu akaboola thanthwe n'kutsika kilomita imodzi, kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30, ndipo pakatikati penipeni pa dziko, makilomita oposa 6,300 kuchokera pomwe anthu amaponda, kutenthako kumapitirira madigiri 5,000. Kwina n'kotsalira kuchokera pa nthawi imene dziko linkaumbika. Kwina kukupangidwabe mpaka lero, pamene uranium, thorium ndi potassium za m'miyala zikusweka pang'onopang'ono. Kutentha kumeneku sikudikira mvula, sikulowa ndi dzuwa madzulo, sikuleka mphepo ikaleka. N'chifukwa chake akatswiri a magetsi amakusirira.

Njira yakale yokutengera inali yofuna malo amene chilengedwe chinakonzeratu, pomwe pali thanthwe lotentha pafupi, ming'alu yoti madzi adutsemo, ndi madzi enieniwo. Ku Larderello, m'dziko la Italy, Piero Ginori Conti anayatsa mababu ochepa ndi nthunzi yotuluka pansi mu 1904, ndipo mu 1913 pamalopo panamangidwa nyumba yopangira magetsi. Mu Africa nyumba yaikulu yoyamba yotere inayamba ntchito ku Kenya, ku Olkaria pafupi ndi nyanja ya Naivasha, mu 1981, ndipo lero gawo lalikulu la magetsi a dzikolo limachokera ku nthunzi ya m'chigwa chachikulu cha kumeneko. Koma malo otere ndi owerengeka.

Kafukufuku wa masiku ano akufuna zoposa pamenepo. Popeza thanthwe lotentha lili pansi pa dziko lililonse, funso la akatswiri ndi lakuti: bwanji osatsika makilomita anayi kapena asanu, kung'amba thanthwelo ndi madzi okankhidwa mwamphamvu, kulowetsa madzi ozizira m'chitsime chimodzi n'kuwatulutsa ali otentha m'chitsime china? Anayamba kuyesa zimenezi ku Fenton Hill, ku New Mexico, m'zaka za m'ma 1970. Ku Soultz-sous-Forêts, ku France, anaboola mpaka makilomita asanu n'kupeza kutentha kwa madigiri pafupifupi 200. Ku Iceland, mu 2017, chitsime cha ku Reykjanes chinafika mamita 4,659 n'kupeza madigiri oposa 420. Mu 2023 kampani ya Fervo, ku Nevada, inagwiritsa ntchito luso la oboola zitsime za mafuta, lokhotetsa chitsime kuti chiyende chopingasa pansi, ndipo inatulutsa magetsi okwana megawati 3.5. Ndi ochepa, koma anasonyeza kuti njirayo ikutheka.

M'Zambia nkhaniyi si ya m'mabuku chabe. Magetsi ambiri a dzikoli, oposa magawo 80 mwa 100 m'zaka zambiri zapitazi, amachokera ku madzi a Kariba, Kafue Gorge ndi madamu ena. Mvula itavuta m'nyengo ya 2023 mpaka 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February 2024 kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika kwambiri moti makina ambiri a ku gombe la kumpoto, omwe onse pamodzi amatha kupanga megawati 1,080, anaimitsidwa, ndipo makomboni a mu Lusaka ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda malaiti. Chilala chimodzi chinapha chimanga m'munda n'kuzimitsanso chigayo ndi pampu yothirira. Aliyense amene anaona zimenezo amamvetsa chifukwa chake mphamvu yosadalira mitambo ili yofunika.

Zizindikiro za kutentha kwa pansi zilipo. Zambia ili ndi akasupe otentha oposa 80, ambiri a iwo m'mbali mwa ming'alu yakale ya dziko. Odziwika kwambiri kwa anthu a ku Chongwe ndi a ku Chinyunyu, m'mbali mwa msewu wa Great East munthu akapitirira tauni ya Chongwe, komwe apaulendo amaima kuti aone madzi otuluka nthunzi. Ku Gwisho, m'nkhalango ya Lochinvar, ofukula zakale anapeza mafupa ndi zida za anthu amene ankakhala pafupi ndi akasupe otentha zaka masauzande zapitazo. Ku Malawi kuli akasupe otere ku Chiweta, ku Nkhotakota ndi ku Liwonde. Kuyesa koyamba kupanga magetsi m'Zambia kunachitika ku Kapisya, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, komwe mu 1986 anaika makina awiri ang'onoang'ono ndi thandizo la boma la Italy. Makinawo sanapereke magetsi amene anthu ankayembekezera, makamaka chifukwa madzi a m'zitsime zosazamazo sanafike pa kutentha komwe makinawo ankafuna. Kwa zaka zoposa khumi tsopano, kampani ya Kalahari GeoEnergy yakhala ikuboola zitsime zofufuzira ku mtsinje wa Bweengwa, pafupi ndi Monze, ndipo yapeza madzi opitirira madigiri 100.

Koma malo a Kasisi, m'dera la Chongwe, sadziwika ndi akasupe otentha. Amadziwika ndi mishoni ya aJezwiti imene Bambo Jules Torrend anayambitsa mu 1905, ndi nyumba yolerera ana amasiye, ndi sukulu ya ulimi ya Kasisi Agricultural Training Centre imene inatsegulidwa mu 1974. Komabe ndi malo oyenera kufunsirapo funso la moto wa pansi, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, lonjezo la kafukufuku watsopanoyu ndi lakuti sipadzafunikanso kasupe: thanthwe la pansi pa munda wamba, ngati wa ku Kasisi, lidzakwanira, bola kuboola kutchipe. Chachiwiri, kwa zaka makumi asanu anthu a pamalopa akhala akulimbana ndi funso limodzi la chipembedzo limene labisala m'nkhani ya feteleza ndi manyowa: munthu ali ndi ufulu wotani pa zimene sanalenge? Funsolo silisintha likachoka pa dothi la pamwamba n'kutsikira ku thanthwe la makilomita asanu.

Yankho limodzi, lomwe ndi lakale, limati pali malo amene munthu sayenera kufikako. Achewa amasimba kuti pa Kaphirintiwa, Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere, mpaka tsiku limene munthu anapekesa timitengo tiwiri n'kutulutsa moto. Tchire linayaka, nyama zinathawa n'kusanduka adani a munthu, kupatula galu ndi mbuzi zimene zinathawira kwa iye, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. M'nthanoyi luso loyamba la munthu ndilo linabweretsa kulekana. Maganizo omwewa amaoneka m'miyambo ya madziwe ndi nkhalango zopatulika, monga ku Msinja kwa Makewana kapena ku Khulubvi kwa Mbona, komwe kunali malo osadulapo mtengo ndi osalimapo. Pakati pa Akhristu ena palinso mantha a mtundu wina, oganiza kuti moto wa pansi ndi moto wa chilango. Nkhani yoti oboola chitsime chozama ku Russia anamva kulira kwa mizimu yakhala ikuzungulira kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo imafikabe m'mafoni. Ndi yabodza. Chitsime chenicheni cha ku Kola chinafika mamita 12,262 mu 1989, ndipo chimene chinalepheretsa kupitirira ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 180 komwe kunafewetsa thanthwe n'kuvutitsa zitsulo zoboolera.

Mphekesera ya ku Russia ndi yoyenera kuitaya, koma nthano ya Kaphirintiwa ndi yoyenera kuimvetsera bwino. Anthu amene ankaisimba sanasiye kusonkha moto. Ankaphikira, ankasulira makasu, ankatenthera tchire pa nthawi ya uzimba. Chimene anachita ndi kuuzinga moto ndi malamulo: nthawi yotentha tchire inali yodziwika, ndipo woilamula anali mwini dziko, osati aliyense amene wagwira muuni. Nthanoyo siletsa luso. Imakumbutsa kuti luso lililonse limasintha ubale wa munthu ndi zolengedwa zinzake, ndi kuti kusinthako sikubwezeka. Malo opatulika nawo sanali chiletso pa dziko lonse. Anali malire oikidwa ndi anthu odziwa kuti mudzi wopanda malire umadya mbewu yake.

Baibulo nalo silipereka yankho limodzi losavuta. Chaputala choyamba cha Genesis chimapatsa munthu ulamuliro pa dziko, ndipo ambiri achiwerenga ngati chilolezo chotenga chilichonse. Chaputala chachiwiri chimamuika m'munda ndi ntchito ziwiri, kulima ndi kusunga, ndipo yachiwiriyo ndi imene imaiwalika msanga. Nsanja ya Babele imachenjeza za luso lofuna kudzipangira dzina. Koma fanizo la matalente, mu Mateyu 25, limadzudzula wantchito amene anakwirira chuma pansi chifukwa cha mantha. Malemba amene amayandikira kwambiri nkhani ino ali mu Yobu 28. Wolembayo akulongosola anthu a m'migodi mosirira: amatsika m'maenje kutali ndi midzi, amaboola matanthwe, amaona zimene diso la mbalame yolusa silinaonepo. Amatchulanso kuti nthaka yomwe imabala chakudya pamwamba ili ngati yotembenuzidwa ndi moto pansi pake. Sakuwadzudzula ayi. Chimene akunena n'chakuti munthu angathe kutulutsa chilichonse pansi kupatula nzeru, popeza nzeru ilibe mgodi. M'dziko la migodi ya mkuwa ngati Zambia, komwe amuna akhala akutsika kupitirira kilomita imodzi ku Mufulira ndi ku Nkana kwa mibadwo ingapo, chaputala chimenechi sichifuna womasulira wambiri.

Zikatere, n'kovuta kunena kuti tchimo lili m'kuya kwa dzenje. Palibe mzere pa mamita 100 kapena 5,000 pomwe za munthu zimathera n'kuyamba za Mulungu, pakuti kwa wokhulupirira dothi la pamwamba ndi la Mulungu chimodzimodzi ndi thanthwe la pansi. Kufufuza pakokha ndi ntchito yolemekezeka, ndipo m'dziko limene chipatala chimasowa magetsi pa nthawi ya chilala, kukana kufufuza kungakhale kunyalanyaza. Malire enieni ali pena: pa liwiro la katengedwe, pa ngozi imene ena amasenzetsedwa osafunsidwa, ndi pa funso la yemwe akupindula. Zitatuzi sizilemera mofanana, ndipo choyambacho ndi chimene sichikambidwa kawirikawiri.

Mphamvu ya kutentha kwa pansi imaikidwa m'gulu la mphamvu zobwereramo zokha, pamodzi ndi dzuwa ndi mphepo. Izi ndi zoona, koma osati m'njira imene ambiri amaganizira. Dziko lonse limatulutsa kutentha kochuluka zedi, pafupifupi materawati 47, koma kumamwazikana pa malo aakulu kwambiri. Pa mtunda, kutentha kokwera kuchokera pansi kumakhala pafupifupi mawati 0.065 pa sikweya mita imodzi. Ndiye kuti hekitala yathunthu ya munda imalandira mawati 650 okha kuchokera pansi, osakwana kuyatsa mbale imodzi ya chitofu cha magetsi, pamene dzuwa la masana limathira mawati pafupifupi 1,000 pa sikweya mita imodzi yokha. Choncho nyumba yopangira magetsi yoboola thanthwe lozama sikhalira kutentha kumene kukufika lero. Imatapa kutentha kumene kwaunjikana m'thanthwelo kwa zaka zosawerengeka. Ikatapa mofulumira, thanthwe lozungulira ming'alu limazizira m'zaka makumi angapo, ndipo kuti litenthenso pamafunika zaka zambiri, nthawi zina mazana.

Zili ngati chitsime cha padambo m'mwezi wa Okutobala: madzi amabwereramo ndithu, koma pa liwiro lawo, ndipo wotunga zidebe khumi m'mawa amasiyira mnzake matope. Zachitikapo kale. Ku The Geysers, ku California, komwe ndi malo aakulu kwambiri a mtundu umenewu pa dziko lonse, makampani anachulukitsa zitsime mpaka mphamvu ya nthunzi inayamba kutsika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anachita kuyala mapaipi otenga madzi otsukidwa a m'matauni oyandikira kuti aziwathira pansi. Ku Wairakei, ku New Zealand, komwe anayamba kupanga magetsi mu 1958, akasupe otumphuka a m'chigwa chapafupi anauma, ndipo pamalo ena nthaka inatitimira mamita oposa khumi. Malo onse awiriwa akupangabe magetsi, chifukwa oyang'anira anaphunzira kubwezera madzi pansi ndi kuchepetsa katapidwe. Kubwereramo kwa mphamvuyi, tsono, si khalidwe la thanthwe lokha. Ndi khalidwe la wotapayo.

Apa ndi pamene mbiri ya sukulu ya ulimi ya ku Kasisi ikugwira ntchito. Pa zaka zake zoyamba, motsogozedwa ndi Bulaza Paul Desmarais wa ku Canada, sukuluyi inkaphunzitsa ulimi wa feteleza ndi mankhwala monga mwa nzeru ya nthawiyo. Cha m'ma 1990 inasintha njira. Aphunzitsi ake anaona kuti alimi ang'onoang'ono akumira m'ngongole za feteleza pamene nthaka ikuguga, ndipo anatembenukira ku kompositi, manyowa a ziweto, mbewu za mtundu wa nyemba, mitengo yobwezera chonde ndi kasinthasintha wa mbewu. Chimene anazindikira n'chakuti chonde ndi chuma chounjikidwa kwa nthawi yaitali, chomwe munthu angathe kuchimaliza m'zaka zochepa akumaganiza kuti akukolola phindu pamene akudya mpamba. Levitiko 25 imanena zofanana m'chilankhulo cha lamulo: munda upume chaka chachisanu ndi chiwiri, ndipo dziko lisagulitsidwe mpaka muyaya popeza anthu ndi alendo pa ilo. Lamulo la kupumitsa munda limavomereza kuti cholengedwa chili ndi nthawi yakeyake imene mwini munda sangailamule. N'zochititsa chidwi kuti akatswiri ena a kutentha kwa pansi amalangiza zofanana ndi tsala: kutapa gawo limodzi la thanthwe, kulisiya kuti litenthenso, n'kusamukira ku gawo lina.

Vuto ndi lakuti nthawi ya thanthwe ndi yaitali kuposa nthawi ya ngongole. Kuboola chitsime chimodzi chozama kumadya madola mamiliyoni angapo, ndipo obwereketsa ndalama amafuna kubwezeredwa m'zaka khumi kapena makumi awiri. Chilichonse chimakankhira mwini makina kuti atape mofulumira. Amene angataye ndi anthu osabadwa, omwe sangabwere ku msonkhano kudzadandaula. Anzeru za chikhalidwe akhala akutsutsana ngati munthu amene kulibe angakhale ndi ufulu. Miyambo ya kuno sinavutike nalo funsolo, popeza imaona mudzi ngati wa makolo, amoyo ndi obwera m'tsogolo, ndipo mfumu imasunga dziko m'malo mwa onse atatu. Kalata ya Papa Francis ya mu 2015, Laudato Si', imaika chilungamo cha pakati pa mibadwo m'gulu la maudindo enieni, osati chifundo chongosankha. Pa nkhani ya kutentha kwa pansi, udindo umenewu uli ndi mawonekedwe omveka: chilolezo cha boma chiyenera kunena kuchuluka kwa madzi otapidwa, kulamula kuti abwezeredwe pansi, ndi kufuna kuti kutentha ndi mphamvu ya m'zitsime ziziyezedwa chaka ndi chaka poyera.

Malire achiwiri ndi a zivomezi. Kung'amba thanthwe ndi madzi kumabweretsa tizivomezi tambirimbiri tosamveka, ndipo ndi mmene akatswiri amadziwira komwe ming'alu yalowera. Koma nthawi zina madziwo amafika pa mng'alu waukulu umene unali kale pafupi kutsetsereka. Pa 8 December 2006, mzinda wa Basel ku Switzerland unagwedezeka ndi chivomezi cha mphamvu ya 3.4 pamene ankakankhira madzi m'chitsime cha makilomita asanu, ndipo ntchitoyo inathetsedweratu mu 2009. Choopsa kwambiri chinachitika ku Pohang, ku South Korea, pa 15 November 2017: chivomezi cha mphamvu ya 5.4 chinavulaza anthu ambiri, chinagumula nyumba, ndipo mayeso a dziko lonse olowera ku yunivesite anaimitsidwa kwa sabata imodzi. Mu March 2019 bungwe lofufuza loikidwa ndi boma linapeza kuti chinayambitsidwa ndi madzi okankhidwa m'zitsime za kafukufuku wa kutentha kwa pansi. Kwa anthu a m'chigawo chino, chomwe chili m'mphepete mwa ming'alu ya Luangwa ndi ya nyanja ya Malawi, ndipo chimakumbukira zivomezi za ku Karonga za mu December 2009, nkhaniyi si yakutali.

Palibe amene anafuna kugumula nyumba ku Pohang. Komabe chiphunzitso cha chikhalidwe, cha mpingo ngakhale cha pabwalo la mfumu, sichimasula munthu chifukwa chongoti sanafune. Wotentha munda wake pa tsiku la mphepo, moto n'kulowa m'nkhokwe ya mnansi, amalipa. Funso limakhala lakuti ankadziwa chiyani, akanatha kudziwa chiyani, ndipo mnansiyo anauzidwa kapena ayi. Mfundo yoyenera kuigwira ndi iyi: wofufuza ali ndi ufulu woika pachiswe ndalama zake ndi mbiri yake, koma alibe ufulu woika pachiswe nyumba za anthu amene sanamve n'komwe kuti pansi pawo pakuchitika chiyani. Masiku ano ntchito zabwino zimayamba ndi kujambula ming'alu yonse ya m'deralo, zimaika zida zomvera kugwedezeka, ndipo zimakhala ndi lamulo loti kugwedezeka kukafika pa mlingo wakuti, mapampu achepetsedwe kapena azimitsidwe. Lamulo lotere limagwira ntchito pokhapokha wolamula kuzimitsa asakhale yemweyo amene ataye ndalama mapampu akazima.

Kusamala nako kuli ndi mtengo wake, ndipo a ku Kasisi amaudziwa. Mu 2002, pa nthawi ya njala, sukulu yawo pamodzi ndi Jesuit Centre for Theological Reflection inachenjeza za mbewu zosinthidwa chibadwa, ndipo boma la Levy Mwanawasa linakana chimanga chotere chimene chinabwera ngati thandizo. Anthu ena anayamikira, ena anadzudzula kwambiri ponena kuti njala ya lero ndi yoona kuposa ngozi ya mawa. Mkangano womwewo ulipo pano. Magetsi akazima mu Lusaka, mabanja amayatsa mbaula, ndipo matumba a makala amene amalowa mumzindawu pa njinga ndi pa malole amachokera m'nkhalango za Chongwe, Rufunsa ndi madera ena ozungulira. Mitengo ikatha, mitsinje imaphwa msanga, monga mmene anthu a m'tauni ya Chongwe aonera mtsinje wawo ukuuma m'zaka zingapo za chilimwe chowawa. Wokana kuboola chifukwa choopa chivomezi chomwe mwina sichingachitike ayenera kuyankhanso za nkhalango yomwe ikuthadi. Walira mvula walira matope. Komanso wokana matope asadabwe nkhokwe ikakhala yopanda kanthu.

Nkhani ya ku Kapisya imaphunzitsa china, chokhudza kunena zoona. Makina anafika kutentha kwenikweni kwa pansi kusanatsimikizike mokwanira. Chitsime chofufuzira chimene chapeza thanthwe lozizira sichinalephere, popeza chayankha funso. Cholephera ndi kulonjeza anthu magetsi yankho lisanapezeke. Kafukufuku ndi ntchito ya anthu ovomera kuti sadziwa, ndipo m'menemo muli kudzichepetsa kumene chipembedzo chimayamikira, ngakhale ofufuzawo atakhala osapemphera. N'chifukwa chake kuchedwa kwa ntchito ya ku Bweengwa, kuboola zitsime zing'onozing'ono zambiri musanamange chilichonse chachikulu, sikuyenera kuonedwa ngati kufooka.

Malire achitatu ndi a umwini. Lamulo la malo la mu 1995 limaika dziko lonse la Zambia m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo miyala ya mtengo wapatali ya pansi nayo ndi ya boma. Koma malo ambiri a ku Chongwe ndi a chikhalidwe, pansi pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II ya Asoli, yomwe chaka ndi chaka pa mwambo wa Chakwela Makumbi imapempherera mvula ndi kubzala mbewu zoyamba. Kutentha si mwala ndipo si madzi, koma sikungatengedwe popanda malo a pamwamba ndi madzi ambiri. Zambia ili ndi chikumbutso chowawa cha zimene zimachitika mphamvu ikatengedwa mosaganizira eni malo: damu la Kariba, lomalizidwa mu 1959, linasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 m'mbali zonse ziwiri za Zambezi, ndipo midzi yambiri ya osamutsidwawo inakhala zaka makumi ambiri mumdima mawaya akudutsa pamwamba kupita ku migodi. Ku Olkaria, mabanja a Amasai amene anasamutsidwa mu 2014 anakadandaula ku World Bank ndi ku European Investment Bank kuti zina mwa zolonjezedwa sizinakwaniritsidwe. Njira ina ikuoneka ku Mokai, ku New Zealand, komwe bungwe la Amaori eni malo la Tuaropaki ndilo lili ndi gawo lalikulu la umwini wa nyumba yopangira magetsi imene inayamba ntchito mu 2000. Chiphunzitso cha mpingo chimati zabwino za dziko zinalengedwera anthu onse. Izi sizitanthauza kuti mudzi wokhala pamwamba pa thanthwe lotentha ungakanize dziko lonse, koma sizitanthauzanso kuti dziko lonse lingadye mudziwo n'kuusiyira phokoso la mapampu.

Pali njira imene imakwaniritsa zambiri mwa zofunikazi nthawi imodzi, ndipo ndi yosatchuka chifukwa ndi yaing'ono. Madzi a madigiri 60 mpaka 100, ofanana ndi a m'akasupe ambiri a m'Zambia, ndi ofooka popanga magetsi, koma ndi okwanira kuumitsa chimanga, tomato, mango ndi nsomba, kuphera tizilombo mumkaka, ndi kufunditsa madamu a nsomba m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene nsomba zimaleka kukula. Ku Kenya, munda wa maluwa wa Oserian unakhala ukufunditsa nyumba zake zolimiramo ndi kutentha kwa pansi kwa zaka zambiri, ndipo ku Menengai ayesapo kuumitsa mbewu ndi kukonza mkaka mwa njira yomweyo. Ntchito zotere sizifuna kung'amba thanthwe, zimatapa pang'ono, ndipo phindu lake limatsala pafupi, popeza madzi otentha sayenda ulendo wautali asanazizire. Kwa alimi a mtundu umene sukulu ya ku Kasisi imaphunzitsa, omwe amataya gawo la zokolola chifukwa chosowa poumitsira ndi posungira, uku ndiko kungakhale kukumana koyamba ndi moto wa pansi. Zitsime zozama za makilomita anayi kapena asanu zingabwere pambuyo pake, mtengo wa kuboola ukatsika, ming'alu ya m'deralo itajambulidwa, ndiponso lamulo lonena za katapidwe, za zivomezi ndi za gawo la eni malo litalembedwa makina oboolera asanafike.